Njinga Yosapita Kulikonse

Dokotala Ahlgren anandisiyira chifu
chachikulu ngati nthochi imodzi,
ndi timabala tisanu pamimba
tomwe ndimatiwerenga ndikamasamba.
Patha masabata asanu ndi awiri.
Ndimadya ndi supuni ya tiyi,
ndikakhuta ndimadabwa kuti mbale ikadali yodzaza.

Ku Thunder Bay kuno ndi Januwale.
Chipale chofewa chafika m'mawondo,
mphepo ikuluma mpaka m'mano.
Akuti ndiziyenda tsiku lililonse.
Ndiyende kuti?

Ndiye ndili muno m'sitolo
nditavala jekete loti mungalowe anthu awiri,
ndaima pakati pa makina awiri.
Mnyamata wogulitsa, dzina lake Harjot,
akuyesetsa kusayang'ana
khungu lolendewera pakhosi panga.

Kumanzere kuli njinga yosasuntha.
Akuti imachitira chifundo mawondo.
Mawondo angawa asenza makilogalamu 158
osadandaulira wina aliyense koma masitepe,
ndili nawo ngongole.
Koma chishalocho nditangochiona
msana wanga wachizindikira.
Zaka 26 ndakhala pansi,
chiwongolero cha basi ya sukulu chikukhula mimba,
ana akukwera, ana akutsika,
akumera ndevu, akubweretsa ana awo,
ine pomwepo.
Ndilipirenso ndalama kuti ndikhale?

Kumanja kuli lamba wakuda woyenda yekha.
Ndakwerapo, ndagwira zitsulo, Harjot wadina batani,
pansi payamba kundithawa.
Mphindi ziwiri, bondo lakumanzere layamba kulankhula.
Mphindi zitatu, chizungulire.
Ndatsika, ndakhala pa katoni,
wandipatsa madzi m'kapu yapepala
ndipo ndamwa monyambita, monga anandiphunzitsira.

Ndivomere, mtima unali pa lambayo.
Ndinkafuna kudziona ndili chilili,
phazi patsogolo pa linzake,
ngati munthu amene ali ndi kopita.
Mu Juni mwana wanga Solveig akufuna tikakwere phiri,
lomwe lija anakwera yekha
atanyamula phulusa la mayi ake m'chikwama,
ine nditatsala m'galimoto m'munsi,
ndikuyatsa ndi kuzimitsa wailesi.

“Bambo anga anagula ngati ameneyu,” akutero Harjot.
“Pano amayanikapo mataulo.”
Ndaseka mpaka timabala tandikumbutsa kuti tilipo.

Ndaimbira Mayi Kivela, wa mafizo uja.
“A Lorne, mawondo anuwo ndinawaona pa chithunzi.
Inuyo yambani ndi njinga.
Akayamba kukukhulupirirani tidzakambirana zina.
Komanso si inu mumakhala pamwamba pa mayi wodwala mutu uja?”
Ndine ndithu.
Phazi langa lililonse limagwera pa denga lake.

Anaibweretsa Lachinayi, anyamata awiri,
akupuma mwawefuwefu pa masitepe,
ine ndikuwatsegulira chitseko ngati bwana.
Ndaiyika pawindo.
Ndikasendeza katani, phirilo limaoneka theka,
theka linalo labisika kuseri kwa nyumba yochapira zovala.

Mphindi khumi m'mawa.
Chishalo n'cholimba, matako alibenso pilo wawo wakale.
Basi yanga imadutsa hafu pasiti seveni,
woyendetsa watsopanoyo amakhota mochedwa pa kona,
ndimamukalipira ndili pano, thukuta lili kamukamu,
miyendo ikuzungulira.
Kagalasi kakuti ndayenda makilomita atatu.
Mphika wa maluwa a malemu uli pomwe unali.

Koma usiku, nyumba yonse ikagona,
ndimavala masokosi awiriawiri
n'kutuluka m'khonde lalitali la pakati.
Kuchokera pa chitseko changa kufika pa chitseko chothawira moto
ndi mapazi makumi anayi ndi limodzi.
Mayi Kivela sindinawauze.
Solveig sindinamuuze.
Dzulo ndinapita n'kubwerera kanayi,
bondo linangong'ung'udza pang'ono,
ndipo pa nambala 12 galu wina
ananunkhiza pansi pa chitseko
ndikudutsa.